Masamba Pamsewu, Maliro Palibe

Tsiku limene anthu a ku Kawale anamugwetsera m'ngalande, Lucious anali asanadye kanthu kuyambira dzulo lake. Malaya anali atang'ambika kuchokera pakolala mpaka m'chiuno, mlomo utatupa, nsapato imodzi itasowa. Mayi wina anatola nthambi ya mango n'kumuponyera pamutu, amvekere akaike pakhomo pa amayi ake.

Amayi akewo anali atamwalira kalekale.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mtima uli pansi, mwina poti mwalakwitsa chinthu mpaka tauni yonse ikukulozani chala, khalani kaye pansi mumve. Mnyamatayu analakwadi, pamenepo sitimuikira kumbuyo. Koma mumve mmene zinayambira ndi kumene zinakathera.

Chinali chaka cha 2006, chija mavenda anachotsedwa m'misewu. Lucious ankagulitsa mabatire ndi maloko m'mbali mwa msewu m'tauni. M'mawa wina katundu wake yense anakwezedwa pagalimoto, iye n'kutsala ndi katoni yopanda kanthu m'manja. Palibe anamufunsa kuti madzulo adya chiyani. Sukulu anasiyira Fomu 2, makolo onse anatsikira kulichete, ndipo kwawo ku Ntcheu munda wa bambo ake unali utagawidwa kale. Kubwerera kumudzi kukanakhala kukapempha pogona kwa anthu omwe anagawana mundawo.

Ndiye anayamba kukhala pamalo pamene malole aganyu amaima, kufupi ndi magalaja a ku Biwi, kudikira ganyu yopakira katundu. Anyamata pamenepo anali ambiri, amphamvu zawo, pomwe iye anali woonda ngati bango. Madalaivala ankamudumpha.

Koma makutu anali nawo. Mwezi ukamatha, nthawi imene anthu a lendi amasamuka, ankamva madalaivala akudandaula chinthu chimodzimodzi: ukafika ndi lole, pakhomo palibe poima. Apa benchi ya tomato, apo chiwaya cha tchipisi, kutsogoloko galimoto yofa imene mwini wake anaiiwala. Lole imaima kutali, kabati n'kuyenda pamitu ya anthu mtunda wonsewo, galasi kusweka, mwini katundu kukalipa, dzuwa n'kulowa ntchito isanathe.

Lucious anapita kwa a Donald, dalaivala wa lole yakale yabuluu, munthu wolongolola koma wosauma mtima. Anawauza kuti iye azitsogola m'mawa kukasunga malo pageti, kuti lole ikafika izingoima. A Donald anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti thupi limenelo silingatchinge ngakhale njinga, komabe ayesere. Mawa lake kunali banja lina ku Kawale losamukira ku Chilinde.

Anafika kutangocha. Sanagogode panyumbapo, sanapereke moni kwa aliyense. Anangondandalika miyala kutsogolo kwa geti n'kuima potero ngati msilikali.

Woyamba kubwera anali wamakala. Anakankha miyala ija ndi phazi n'kuyamba kutsitsa matumba. Anakangana mpaka wamakala anachoka akutukwana. Lucious anaika njerwa. Kunabwera minibasi, inaponda njerwazo n'kuima pomwepo kudikira anthu, kondakitala akumufunsa ngati msewuwo anamusiyira ndi agogo ake. Minibasi itachoka, wina anali akubwera kale ndi wilibala ya nzimbe. Dzuwa likukwera, lole osaoneka, njala ikuluma, mkwiyo unamufika pakhosi.

Apa ndi pamene anaganiza zopusa.

Mu Lilongwe muno munthu atha kuponda mwala wako, kudula chingwe chako, kukuseka pamaso. Koma pali chinthu chimodzi chimene ngakhale woledzera amachipatsa ulemu: masamba pamsewu. Akawaona, dalaivala amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi, wanjinga amatsika, wachipewa amavula, chifukwa aliyense amadziwa kuti pafupi pagwa maliro. Lucious anathyola nthambi za mango n'kuziyala kumtunda kwa geti ndi kumunsi kwake. Mumtima ankati ndi kanthawi kochepa chabe, lole ikangofika azichotsa.

Msewu unangoti zii. Palibe anaimikanso kanthu pamenepo.

Chimene sankadziwa, poti sanafunse, n'chakuti m'nyumbamo munali a Herbert, amene anali atagona pamphasa kwa miyezi yambiri, ntchito itawathera, ndipo kusamukako kunali kofuna nyumba yaing'ono. Akazi awo, Mayi Vaileti, anali atalawirira ku Chilinde kukasesa nyumba yatsopanoyo.

Aneba ataona masamba sanafunse n'komwe. Amayi anamanga zitenje n'kuyamba kulira kuchokera m'makomo mwawo. Uthenga unathamanga mpaka kumpingo. Mayi Vaileti pobwerera, tsache lili m'manja, anangokhota pakona n'kuona masamba pageti pawo, pakhonde patadzaza amayi olira. Anangoti, "Bambo a Linda," n'kugwa pamsewu pomwepo.

Kenako chitseko chinatseguka. A Herbert, atafunda bulangete, dzanja likugwira khoma, anafunsa ndi mawu otsika kuti wamwalira ndani.

Zimene zinatsatira mwazimva kale. Ndipo tinene chilungamo apa: amene anamumenya kwambiri anali omwe aja anayamba kulira osafunsa. Ena ankamenya manyazi awo omwe, poti zinaonekera poyera kuti munthu wamoyo anali atamuika kale m'manda m'mitima mwawo. Komabe woyala masamba anali Lucious. Mayi Vaileti atatsitsimuka anabwera pangalandepo, fumbi lidakali kumaso.

"Iwe, amuna anga amva anthu akuwalira ali moyo. Ndisadzakuonenso pakhomo panga, kaya ndikhale kuti."

A Donald anafika mochedwa, anamva nkhani, anapakira katundu mwakachetechete, n'kumusiya Lucious pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo dzina loti Lucious linafa. Ku Kawale, ku Biwi, mpaka ku Chilinde anali Wamasamba. Ana akamuona ankathyola kanthambi n'kumamutsatira akuyerekeza kulira. Pamalo a malole palibe ankafuna kumutuma ngakhale kukagula ndudu. Ndipotu ntchito imene anaiganizayo yonse imayendera dzina. Munthu wa dzina lonunkha, ndani angamusunthire benchi?

Ambiri akanakwera basi ya ku Ntcheu. Lucious anadzitsekera m'kachipinda kake, mabala akupola koma mtima ukukana. Poyamba ankangotukwana wamakala uja ndi kondakitala. Atatopa nazo anayamba kudzifunsa chifukwa chimene sanagogodere pakhomo paja. Akanagogoda akanaona wodwala. Akanapereka moni kwa wamakala, mwina akanasuntha yekha. Paja safunsa anadya phula.

Anapita ku Chilinde kukapepesa. Mayi Vaileti atangomuona anatseka chitseko. Anapitanso Lamlungu lina amayiwo ali kutchalitchi, n'kupeza a Herbert akuothera dzuwa pakhonde. Anali atayamba kulandira mankhwala kuchipatala, ndipo maso anali atayamba kuwala. Lucious anagwada. A Herbert anaseka mpaka kutsokomola. Anati mnyamatayu wawathandiza kuona amene adzabwere pamaliro awo, ndipo poti anthuwo anachepa kusiyana ndi mmene ankayembekezera, aganiza zoyamba adikira kaye. Kenako anasiya kuseka.

"Ine ndakukhululukira, mphwanga. Koma amene anagwa pamsewu si ine. Ameneyo usamukakamize."

Lucious anayambiranso. Anatola zigubu zakale za mafuta ophikira, zachikasu zija, anathiramo mchenga n'kuzilumikiza ndi chingwe. Pachigubu chilichonse analemba ndi penti wotsala wa kugalaja kuti TIKUSAMUKA, PEPANI.

Koma zigubu sizinali ntchito yeniyeni. Ntchito yeniyeni inali ya dzulo lake. Ankapita dzuwa lisanalowe, kugogoda kaye kwa osamukawo, kufunsa ngati m'nyumba muli wodwala, khanda kapena nkhalamba. Akatero ankayenda nyumba ndi nyumba, benchi ndi benchi, chipewa chili m'manja: odi kuno, mawa aneba anu akusamuka, tikupempha mpata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lifike pamutu. Benchi ya mayi wa tomato ankainyamula yekha, lole ikachoka n'kuibwezera pamalo pake penipeni, n'kusesapo. Wachiwaya ankamulonjeza kuti anyamata opakira katundu adzadya tchipisi kwa iye, ndipo ankadyadi. Galimoto yofa ankaikankha ndi anzake, mwini wake atalola.

Onyoza sanasowe. Wina ali pabawo ankafuula kuti, Wamasamba, lero wamwalira ndani? Zibakera zinkafumbatika m'thumba, mano n'kukukutika, koma ankangoyankha kuti onse ali moyo, akungosamuka.

Poyamba palibe ankamutuma. Ankangofunsa anyamata opakira katundu kumene lole ikupita mawa, n'kutsogola yekha wapansi. Tsiku lina a Donald anafika ku Area 23 n'kupeza pageti pali mbee, zigubu zitandandalikidwa bwinobwino, Lucious akuwakodola kuti abwerere chambuyo. Tsiku limenelo ntchito inatha dzuwa lili pamutu, mbale ngakhale imodzi osasweka. A Donald sananene zikomo. Anangoti mawa ku Mchesi, usachedwe.

Madalaivala ena anayamba kumufuna. Nayenso anasiya kugona ndi njala.

A Herbert anachira, thupi linabwerera, anapeza ntchito yoyang'anira katundu pakampani ina yaing'ono m'tauni. Kampaniyo itaganiza zosamutsira ofesi ku City Centre, iwo anatchula Lucious. M'tauni zinali zina. Kumeneko supempha mayi wa tomato ayi, umapempha alonda, eni mashopu, anyamata otsuka magalimoto, ndiponso umafunika chilolezo cha akuluakulu oyang'anira misewu. Lucious sankadziwa poyambira, koma tsopano kufunsa anali atakuphunzira. Anafunsa mlonda, mlonda anamulozera ofesi, kuofesi anadikira pabenchi mpaka anamufotokozera. Anaphunzira kuti ofesi imasamuka bwino Loweruka masana kapena Lamlungu, misewu ikapuma. Anaphunzira kuti lole yaitali imafuna pokhotera, osati poima pokha.

Pofika 2009 anali ndi gulu lake, ambiri mwa iwo mavenda akale amene anataya katundu nthawi imodzi ndi iye. Lamulo lake linali limodzi: palibe wokalipira munthu wapamsewu. Ankati msewu ndi wa tonse, mayi wa tomato ali ndi gawo lofanana ndi bwana wa galimoto ya magalasi akuda, ndipo onse awiri amapemphedwa ndi ulemu umodzimodzi.

Koma dzina lija silinachoke. Ndipo Mayi Vaileti akakumana naye pamsika wa Chilinde ankatembenukira kumbali ngati aona chinthu chonyansa. Chimenecho chinkamupweteka kuposa zibakera za ku Kawale.

Chaka chomwecho a Herbert anamaliza kanyumba kawokawo ku Nsungwi, ku Area 25. Anaitana Lucious ndi a Donald kuti awasamutse. Mayi Vaileti anakana, amuna awo anaumirira, pomaliza amayiwo anangoti tiona. Linali tsiku lomaliza la mwezi. Mwininyumba anali atalonjeza kale munthu wina kuti alowa mawa lake, ndipo lole ya a Donald inali ndi ulendo wa ku Kasungu m'mawa wotsatira. Kusamuka kunali kwa tsiku limenelo basi.

Dzulo lake Lucious anayenda nyumba ndi nyumba monga mwa nthawi zonse, ngakhale zakuseri zomwe, ndipo onse anavomera. M'mawa atafika ndi zigubu zake anaima chilili.

Pamsewu panali masamba. Enieni.

Gogo wa nyumba yoyang'anana ndi ya a Herbert anali atamwalira mbandakucha. Amuna anali atakhala m'mbali mwa msewu, pamalo pomwe lole imayenera kuima. M'nyumba ya siwa amayi anali akuimba.

A Donald anaimika lole kunja kwa masamba n'kutulutsa mutu pawindo. Anati alowa pang'onopang'ono, anthuwo asuntha okha, maliro a m'tauni anthu anazolowera, bola anyamata apakire mwachangu. Lucious anawauza kuti azimitse injini. A Donald anakwiya, anati tsikuli likangotayika, iye ndi zigubu zake asadzaonekenso pafupi ndi lole yawo, ndipo madalaivala onse a ku Biwi amva.

Mayi Vaileti anali pageti, katundu womangamanga ali pakhonde. Anasowa chogwira. Neba wamwalira, kukweza mipando pamaso pa anamfedwa n'kosayenera, koma mawa banja lilibe pogona. Anamuyang'ana Lucious. Nawonso anthu apamaliro anamuzindikira, wina n'kunong'oneza mnzake kuti Wamasamba uja wafika, kaya lero atichita zotani.

Lucious anasiya zigubu kunja kwa masamba. Anavula chipewa, n'kupita kukakhala pansi pamodzi ndi amuna aja ngati wokhuza maliro wina aliyense. Anakhala ndithu, osathamanga. A Donald ankamulozera dzuwa ali m'lole, iye osayang'anako. Atapepesa anamfedwa, anapempha kulankhula ndi mkulu amene ankayendetsa mwambo, n'kunjuta pambali pake.

"Bambo, masamba awa ndinawanyoza kamodzi, ndipo nonse mukudziwa. Lero sindiwadumpha. Mukati tisasamuke, lole ibwerera. Koma banja ili mawa lilibe denga. Tiuzeni chochita."

Mkuluyo anadzuka kukanong'onezana ndi anamfedwa. Pobwera anati lole isalowe, phokoso lisamveke, ndipo katundu asadutse pamaso pa siwa. Kupatula pamenepo, achite zimene angathe.

Apa ndi pamene kugogoda kwa dzulo kunamuthandiza. Kuseri kwa nyumba ya a Herbert kunali mpanda wa udzu wa Mayi Ennie, ogulitsa mandasi, ndipo kupyola pabwalo pawo kunali kanjira kotulukira kumsewu wina. Lucious anakagogoda. Amayiwo anati dzulo anabwera ndi ulemu ngakhale panalibe chimene ankafuna kwa iwo, ndiye amasule mbali imodzi ya mpanda, bola aubwezere mmene unalili. A Donald anazungulira ndi lole akung'ung'udza njira yonse.

Katundu anayamba kutulukira kuseri mopanda mawu. Bedi, mipando, matumba a chimanga, mbaula, zonse pamanja. Kanjirako kanali kopanikiza, ndipo kabati yaikulu inakanirira pakati pa zimbudzi ziwiri, osapita kutsogolo, osabwerera. Lucious ali thukuta kamukamu, anangoona manja ena agwira mbali inayo. Anali amuna a pamaliro paja. Anadzuka mmodzimmodzi popanda wowapempha, ndipo mmodzi mwa iwo anali yemwe uja ananong'ona za Wamasamba.

Mayi Vaileti anaonerera kanthawi. Kenako anamanga bwino chitenje, anasiya makiyi a nyumba pawindo limene linali pafupi ndi Lucious, n'kuoloka msewu kukalowa m'siwa kukalira neba wawo. Katundu wawo yense, amene anamusonkhanitsa ndi misozi zaka zonse zija, anamusiya m'manja mwa munthu amene anamuthamangitsa pakhomo.

Lole inapita ku Nsungwi a Herbert ali kutsogolo. Pobwerera, Lucious anapempha a Donald kuti adzere kogula nkhuni za pamaliro. A Donald anatukwana pang'ono chapansipansi, anati mnyamata iwe udzandiphetsa, koma anakhota.

Dzuwa likupendeka, Lucious anali akumanganso mpanda wa Mayi Ennie. Anamva mapazi kumbuyo kwake. Anali Mayi Vaileti, maso ofiira ndi kulira, kapu ya thobwa ili m'manja. Anaiika pansi pafupi naye, n'kuima osachoka.

"Kodi dzina lako lenileni ndiwe ndani?"

"Lucious, amayi."

"Lucious." Analitchula pang'onopang'ono, ngati akulilawa. "Ku Nsungwi geti lathu ndi lofiira. Ukamadutsa, udzagogode."

Lucious anangogwira udzu uja. Munthu amene sanalire tsiku lomwe anamumenya ku Kawale, anapukuta maso ndi mkono wa malaya.

Alipo ena amene anapitiriza kumutchula Wamasamba. Koma kuyambira pamaliro a ku Chilinde aja, wina akafunsa kuti ameneyo ndani, ankayankhidwa kuti ndi uja anaimitsa lole kunja kwa masamba.

Tsono inu amene muli m'ngalande lero, kaya anakukankhiranimo popanda chifukwa, kaya munagweramo nokha chifukwa cha mkwiyo, mverani. Anthu amafulumira kupereka dzina, ndipo amene amafuula kwambiri nthawi zambiri ali ndi manyazi awo amene akubisa. Zimenezo n'zosalungama, ndipo zimawawa. Koma pamene munalakwa vomerani, osazungulira. Amene munamupweteka musamukakamize kukhululuka, mpatseni nthawi, inu muzingochita zoyenera ngakhale palibe wokutumani.

Tsiku limodzi loipa lisasanduke dzina lanu. Dzukani, sasani fumbi, gwirani chipewa m'manja mukagogode. Akakutsekerani chitseko, musataye mtima: m'katimo muli munthu, ndipo kugogoda kwanu akukumva.